Mbale ya Anti Eneless

Ndikukumbukira Masabata a ku Braunstone, kumene tinkakhala kunja kwa dziko lathu, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, pamene tinkathamanga pochokera kutchalitchi ngati tasiya mwana yekha m'nyumba. Chotithamangitsa chinali sewero la ku Korea la nthawi ya mafumu, la pa DVD. Anti Eneless, mnzawo wa amayi wa kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba, ankafika ndi mbale ya mandasi otentha, mvula ili chonyowetsa jekete, n'kudziponya pasofa. Pabalaza ponse pankanunkhira mafuta ndi tiyi wa jinja.

Mayina a anthu a m'sewerolo ankatipota lilime, choncho tinawapatsa athu. Msilikali wolondera mwana wa mfumu tinamutcha Chipewa, chifukwa cha chipewa chake chakuda chotambalala. Mtsikana wophika kunyumba yachifumu, amene Chipewa ankamukonda mobisa, anali Nabanda. Azimayi awiriwa sankaonera mwakachetechete. Chipewa akangomuyang'ana Nabanda osanena kanthu, amayi ankakuwa kuti, "Iwe, lankhula! Ulibe malume oti akakufunsirire?" Ndipo analumbirirana kuti wina asadzayerekeze kuonera mnzake palibe.

Kutatsala gawo lomaliza, zinthu zinasokonekera. Anti analonjeza kuwagwirira amayi shifiti kuti amayiwo apite ku ukwati wa msuweni wawo ku Nottingham, koma anaiwala. Amayi anavula diresi latsopano akulira, n'kuvala yunifolomu. Kuyambira pomwepo moni anatha. Kutchalitchi wina akakhala kumanzere, wina kumanja.

Ine zinandiwawa pawiri. Ndinkawasowa Anti, komanso Chipewa tinamusiya atazingidwa ndi adani pachipata. Masabata ankadutsa, TV ili chozima. Nditawanyengerera amayi kuti tingoonera tokha, anandiyang'ana ngati ndawapempha kuti tikabe.

"Ndinakwiya nawo, inde. Koma ndinalonjeza."

Tsiku lina kusukulu Tadala, mwana wa Anti, anandidandaulira kuti kwawonso rimoti inabisidwa. Ndinafika nayo nkhaniyo kunyumba ndili wefuwefu. Amayi anangoti "hm", koma maso awo anapita pamwamba pa firiji, pomwe panali mbale ya mandasi ija chiisiyireni.

Kwathu mbale ya mnzako siibwerera yopanda kanthu, ngakhale mutayambana. Lamlungu lotsatira amayi anakazinga zitumbuwa, nthochi zake zofula kale pawindo, n'kudzaza mbale mpaka chivindikiro kukana kutseka. M'basi monse ankandiuza kuti tikungokabweza mbale basi, sitikakhala pansi.

Anti atatsegula chitseko anayang'ana mbale, anayang'ana amayi.

"Mwaonera?"

"Ndionere ndi ndani?"

"Lowani, mukulowetsa mphepo."

Tinakhala pansi. Chipewa anamuuza Nabanda kuti sanamukondepo, bodza loti mtsikanayo athawe asaphedwe. Kenako anavala mkanjo wa mwana wa mfumu n'kutulukira pachipata kuti adani atsate iye. Mivi itayamba kumulasa, ine ndi Tadala tinagwirana manja. Azimayi athu analira mokweza ngati pamaliro enieni, mpaka galu wa aneba anayamba kuuwa. Anti anakoka nsonga ya chitenje chawo n'kuwapatsa amayi kuti apukutire misozi.

Amayi anamina, n'kunena akuyang'anabe TV kuti, "Mwamuona? Uyu sanaiwale shifiti yake."

Ndinati zayambiranso. Koma Anti anaphulika kuseka misozi ili mbwee, anawagwira amayi bondo n'kuti, "Asisi, pepani. Ndinakulakwirani zedi." Tinadya zitumbuwa zonse, ndipo sindikumbukira tsiku lina limene ndinasangalala munthu atafa ngati limenelo.

Lero masewero oterewa ali pafoni ya aliyense. Ndimatha kumaliza lathunthu ndekha ndili m'sitima, zomvera zili m'makutu, popanda wondikuwira kapena wondidikira. N'zosavuta, koma sizikoma chimodzimodzi. Amayi ndi Anti okha ndiwo sanasinthe. Ndikawaimbira amayi Lamlungu masana amadula foni, kenako amatumiza uthenga woti ndiimbe madzulo, Anti afika ndi mbale.