Nyimbo Imodzi ya Emelda

Tsiku limene Emelda anauzidwa kuti azingogwedeza milomo, palibe amene anaseka. Kusaseka kumeneko ndi kumene kunamupweteka kwambiri.

Anali m'holo ina pafupi ndi Machipisa, momwe gulu lawo linkakonzekera sewero la nyimbo. Emelda ankasewera ngati mayi amene mwana wake akupita ku Joni, ndipo gawo lake linali ndi nyimbo zinayi. Bothwell, mkulu wa sewerolo, anaimitsa kiyibodi nyimbo ili pakati.

"Mayi, kusewera mumatha, aliyense akudziwa. Koma kuyimbaku mukutipha nako. Paida aziyimba kuseri kwa katani, inu muzingogwedeza milomo."

Paida anali mtsikana amene anaphunzira zoyimba kukoleji. Emelda anavomera ndi mutu, n'kukwera kombi kubwerera kwawo ku Mabvuku.

Inu amene mukufuna chilimbikitso, yambani mwamva gwero la vutoli. Mawu Emelda anali nawo. Anakulira pa famu ya fodya pomwe makolo ake, ochokera ku Malawi, ankagwira ntchito, ndipo pa maliro ndi pa ukwati ndiye ankayambitsa nyimbo. Kumeneko woyambitsa ndiye mwini nyimbo. Akayambira pamwamba onse amakwera naye, akayambira pansi onse amatsika. Ntchito ya pa famu itatha, banja lawo linadzagwera ku Mabvuku, iye n'kumagulitsa tomato ndi kuchita zisudzo, koma chizolowezi chija anabwera nacho. Ankayambira pamene pakhosi pake pafuna, n'kumayembekezera kuti kiyibodi imutsatira. Kiyibodi ilibe ulemu wotere.

Amene anamuuza zoona ndi Bambo Zakaria, oyimba kiyibodiyo, omwe mkati mwa sabata amagwira ntchito pa fakitale ina ku Southerton. Iwo ankamuitana ndi dzina la mwana wake.

"Mayi a Trymore, mawu mulidi nawo. Makutu ndi amene munawasiya ku famu. Musayimbe kaye, muzimvetsera."

Anamujambulira mu foni chiyambi cha nyimbo iliyonse.

Ku Mabvuku mzere wa pamjigo suyenda msanga, ndipo ndiwo unasanduka sukulu yake. Ankaimika zigubu zake pamzere, foni kukhutu, kumvetsera, kutsanzira chapansipansi, kenako kumvetseranso. Poyamba sankamva n'komwe kuti waphonya. Amayi anzake sanamuleke.

"Amai Trymore, mwalowa mpingo wanji wopemphera ndi foni kukhutu?"

Ena ankamulangiza kuti angozisiya, munthu wamkulu ngati iye sangamachititsidwe manyazi ndi ana. Iye kokonzekera sewero sanajombe. Ankaima pansanja n'kumatsegula pakamwa ngati nsomba, mawu a Paida akutuluka m'masipika. Zinkamuwawa, ndipo nthawi zina ankalira mu kombi. Koma pogwedeza milomo paja ankamvetsera pamene Paida akulowera ndi pamene akupumira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sewero litayandikira, anapita kwa Bothwell.

"Sindikupempha zonse. Ndipatseni imodzi, yayifupi ija yotsanzikana ndi mwana. Ndikaiwononga, simudzandimvanso."

Bothwell anayang'ana Bambo Zakaria. Iwo anangogunda kiyibodi. Emelda anadikira, n'kulowa pamalo pake. Bothwell sanayamikire, koma analola.

Tsiku la sewero holo inadzaza. Nyimbo zitatu anayimba Paida kuseri kwa katani monga anagwirizanirana. Itakwana yachinayi, Emelda anapatsidwa maikolofoni yoyaka. Kiyibodi inayamba, ndipo mayi amene moyo wake wonse ankatsogolera nyimbo anadikira kuti atsogoleredwe. Analowa bwino. Chakumapeto, pamene nyimbo imakwera, mawu anasweka pang'ono. Sanaime, anaimaliza. Amayi ena kutsogolo ankapukuta maso ndi nsonga za nsalu, mwina chifukwa ambiri a iwo ali ndi ana ku Joni.

Anthu atatuluka, Bothwell anamupeza akuvula duku la m'sewero.

"Pamwamba paja munaphonya, Mayi."

"Ndinamva."

"Munamva nokha?"

"Ndekha."

Apo Bothwell anati:

"Ndiye Loweruka likubwerali muyimba ziwiri."

Sindikunamizani kuti lero Emelda ndi katswiri wodziwika dziko lonse. Tomato akugulitsabe, pamjigo akupitabe. Koma sewero lija litajambulidwa kukhala filimu, mawu amene mumamva mayi uja akamatsanzikana ndi mwana wake ndi a Emelda, ndipo palibe munthu kuseri kwa katani.

Mwina nanunso anakuuzani kuti mukhale chete, ena akuyimbireni. Musathawe pansanjapo. Funsani chimene chikuvuta, chimvetseni ngakhale chikuwawa, ndipo pemphani nyimbo imodzi yokha. Osataya mtima, yachiwiri idzabwera mukamaliza yoyambayo.