Pakati pa Mlatho wa Kudamu

Fungo la sopo wochapira ndi matope a dzinja limandibwezabe kudamu la Chimwankhunda. Ife ana a ku Naperi tinkalitchula nyanja, poti nyanja yeniyeni tinkangoiona pakalendala. Kumunsi kwake, pamene madzi ankasefukira mumtsinje, kunali mlatho wa matabwa wopanda pogwira. Kusukulu, mnyamata amene sanauwolokepo analibe mawu pagulu. Ntchito yake inali kutola mpira wachikulunga ukagwera m'ngalande.

Wotola mpirayo ndinali ine. Choncho patchuthi cha Khirisimasi ndinayamba kunenerera, luso limene likundidyetsa mpaka lero mumsika wa Limbe. Ndinayambira pamwamba: ndinapempha Ababa kuti anditengere ku Mangochi. Atakana ndinatsitsa mtengo: anditengere kudamu, ndi chimanga chootcha chabasera. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kuvomera. Ndinachoka ndikudziyesa wochenjera.

Tinapita Lamulungu pochokera kutchalitchi. Sabata yonse Ababa ankasenza matumba ku Makata, koma tsikulo anali m'jekete ndi nsapato zopolishidwa ngati a muofesi. M'mbali mwa damu amayi ankamenya zovala pamiyala, mabulangete atayanikidwa paudzu. Anyamata ankawedza timatemba ndi mbedza za waya, wina akutsuka njinga m'madzi ofiira.

Mlathowo unali ndi malamulo ake. Dzinja umavula nsapato chifukwa matabwa amaterera ndi ndere, ndipo ukakwerapo suima. Ababa anakoleka nsapato m'khosi n'kundigwira dzanja. Thabwa lililonse linkalira tikaliponda, pansi madzi akuwinduka. Titafika pakati penipeni, anaima. Chikhatho chawo chinali chonyowa, chikundifinya mpaka zala kuwawa. Kumbuyo kwathu anthu anayamba kuchuluka, ndipo mayi wina wosenza beseni anafunsa ngati abwana a jeketewo augula mlathowo.

"Yang'ana bwinobwino, mwanawe," Ababa anatero, maso awo ali tsidya. "Anzako ukawauze zoona."

Ndinayang'anadi, ndikuwerenga mumtima amene ndikawanamize kuti ndinawoloka ndekha. Mayi uja anasiya nthabwala. Anayandikira, n'kuika dzanja pamsana pa jekete ija.

"Tiyeni, achimwene. Thabwa limodzi limodzi."

Tinafika tsidya. Ababa anakhala pamwala, n'kumanga zingwe za nsapato pang'onopang'ono ngati ntchito yolembedwa. Pobwerera tinazungulira kumsewu waukulu, ati kumeneko ndiko kuli chimanga chokoma. Sukulu itatsegulidwa ndinapatsidwa pagolo, ndipo nkhani ya mlatho ndinaigulitsa temu yonse, ndikuwonjezera mchere.

Pamaliro a Ababa ndi pamene azakhali anandiuza kuti iwo ndi Ababa ali ana, pothawa nkhondo ku Mozambiki, anawoloka mtsinje wa Ruo utadzaza, ndipo mng'ono wawo sanafike tsidya lino. Kuyambira pamenepo Ababa sankayandikira madzi othamanga.

Zaka zonsezo ndinkati anandifinya dzanja kuti ndisagwe. Sindinkadziwa kuti pamlatho wopanda pogwira uja, iwonso anali atagwira chokhacho chimene chinalipo.