Mtedza wa a Rakele

Masiku amenewo ku Kasakula, ukagula njinga ya magiya sunkayenera kupita nayo kwa a Aroni. Ine ndinakasiya yanga kuti amate chubu chabe, pokaitenga ndinapeza magiya onse atagululidwa, ati tizitsulo tambirimbiri n'tabodza. Ndinakalipa mpaka thovu kukamwa. Iwo anangoti, "Pepani aphunzitsi," n'kumapitiriza kupopa.

Bambowa kale anali msilikali wokonza mfuti. Pamene asilikali athu ankalondera njanji ya ku Nacala pa nkhondo ya ku Mozambiki, anapita limodzi ndi Felton, mwana wa mlongo wawo Rakele. Ponyamuka, a Rakele anawagwira mkono. "Achimwene, mwanayu ndi wanu. Ine ndinangobereka."

Kumeneko kunabwera mfuti zingapo zatsopano, zopepuka, zokhala ndi galasi loonera patali. A Aroni, pokhala malume, anachonderera akuluakulu mpaka imodzi inagwera Felton. Iwo anatsala ndi chimfuti chakale cholemera ngati munsi, chimene chinkalira ngakhale chitagwera m'matope.

Nkhondo ija sinathe msanga. Fumbi linachita zake, mvula zake, ndipo kasipuling'i ka m'mfuti ya Felton kanayamba kufooka. Zosinthira sizinkabwera. A Aroni anakaona, anangokakoka pang'ono ndi pulayala, nati kapirira. Anachita manyazi kumulanda mnyamatayo mfuti imene ankanyadira. Tsiku limene sitima inaukiridwa, mfuti ija inalira kamodzi n'kukhala chete, ndipo Felton sanabwerere.

Zonsezi a Aroni anandiuza okha nditapita kukapepesa za magiya aja, ndipo ndinachita manyazi ndi pakamwa pangapa. Kumaliro, anzake a Felton anauza mayi ake za mfuti yabwino ija, koma za kasipuling'i palibe ankadziwa. Chiyambire pamenepo, a Rakele akakolola ankabwera kuchokera ku Bowe ndi mtedza wothokozera.

Chaka cha chilala chija cha 1992 anabwerabe, ndi kathumba kochepa. Ine ndinalipo. A Aroni anali atandiuza kuti ulendo uno aulula, zivute zitani. Anapukuta manja pa ovololo.

"Achemwali, za mfuti ija..."

"Ndikudziwa, achimwene," anatero a Rakele akumasula kathumba. "Munadzimana inu kuti mwana wanu atenge yabwino. Chimene chimandigonetsa tulo n'chimenecho."

A Aroni anayang'ana kwa ine, ine ndinayang'ana pansi. Kenako analandira mtedzawo ndi manja awiri.