Mikungudza Isanu ya Abambo

Ndikukumbukira chaka chimene chimfine chachikulu chinatenga amayi, nkhondo ya Ajeremani itangotha. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Abambo anali mphunzitsi wa mishoni, mkamwini m'mudzi mwathu kufupi ndi Vubwi. Kwawo kunali kumapiri ozizira a ku Dedza. Mwambo ndinkaudziwa ngakhale ndinali mwana: mkazi akamwalira, mwamuna amasudzulidwa n'kubwerera kwawo, ana n'kutsala m'manja mwa atsibweni awo. Akuluakulu anati za abambo zidikire mpaka sukulu itseke kumapeto kwa chaka.

Abambo anapita kwawo kukanena za maliro, ndipo anabwerako ndi mbande zisanu za mkungudza, mizu atayikulunga m'makungwa a nthochi. Anazibzala kuseri kwa nyumba mvula isanathe. Timasamba take tinali ting'onoting'ono, ndipo ukatifikisa m'manja tinkatulutsa fungo limene sindinalimvepo pamtengo uliwonse wa kwathu.

Atsibweni atabwera kudzaona anaseka. "Alamu, mkamwini amabzala mtengo? Pamthunzi pake mudzakhalapo ndinu?"

"Ikagwira, ndiye kuti nanenso ndagwira," anayankha abambo, nawonso akuseka.

Iwo ankangocheza. Ine mawuwo ndinawatenga ngati pangano.

M'miyezi yozizira mitengo ija inaphuka bwino, moti ndinayamba kudzitama kwa anzanga kuti abambo anga sapita. Kenako linafika dzuwa la Okutobala, lija loswa mtengo. Nsonga zinayamba kufiira. Ndinkatunga madzi katatu pa tsiku kuchitsime cha kudambo, mtsuko pamutu, mpaka khosi linauma. Ndinamanga timisasa ta udzu. Ndinkapemphera nditagwada pamtengo uliwonse, monga ankapempherera odwala kutchalitchi. Koma inauma umodziumodzi. Wotsiriza ndinaugwira kanthambi kake, kanangoti thyo!

Ndinapita kwa abambo ndikulira, ndipo ndinaulula tchimo limene ndinkabisa: tsiku lina ndinatopa, n'kudumphitsa madzi amasana.

Anandikhazika pamphasa. "Si iwe, Lute. Kwathu mitengo iyi imamwa nkhungu m'mawa uliwonse, mizu ili m'nthaka yozizira. Kuno mphepo yomwe imawotcha. Ukanakhuthulirapo mtsinje wonse, ikanafabe."

"Nanga munabzaliranji?"

"Ndinkafuna ndikusiyire kanthu ka kwathu."

Sukulu itatseka anasudzulidwa. Ananyamuka ndi mphasa ndi Baibulo. Ndinawaperekeza mpaka pamtsinje, pamene atsibweni anandigwira dzanja kuti tibwerere. Sindinawaonenso. Patapita zaka ziwiri, munthu wapaulendo anatiuza kuti anamwalira.

Nditakula ndinakafikako kamodzi kumapiri kuja. Ndinayiona mikungudza itatalika mpaka kulowa m'nkhungu, madzi akudontha m'nthambi zake popanda mvula, popanda wina wosenza mtsuko. Ndinakhala pansi pamenepo mtima ukuwawa. Mwina abambo akanakhala kwathu akanafota chimodzimodzi, koma zimenezo sizinditonthoza.

Tsopano ndakalamba, ndipo ndikudziwa kuti khama silisintha dzuwa, silisinthanso mwambo. Chimene chimandipwetekabe n'chakuti abambo ankadziwa, atsibweni ankadziwa, amayi onse apachitsime ankadziwa. Ankandiona ndikudutsa katatu pa tsiku, madzi akundichuchira kumsana, koma panalibe ngakhale mmodzi amene anandiuza kuti, "Mwanawe, tula mtsukowo."