Khoma la a Nabanda

Kwathu kuno kuseri kwa Namitete, ntchito yozira nyumba imayamba chimanga chikalowa m'nkhokwe, fodya atachoka m'zigafa, mphepo ya Juni ikung'amba milomo ya ana. Ndi nthawi imene a Estere Chikoti, amene tonse timawatchula ndi chiwongo chawo kuti a Nabanda, amanyamula khasu ndi ndowa kulowera kudambo kukakumba mtsiro.

Kuzira amazira mkazi aliyense. Koma a Nabanda amasakaniza dothi lakuda la kudambo, katondo wofiira, ndi dothi loyera limene amalisefa ngati ufa. M'munsi mwa khoma amadutsitsa mzere wakuda wolekeza m'mawondo. Pamwamba pake amandandalika nkhanga, iliyonse ndi mawanga ake, zonse zoyang'ana kukhomo. Akazi opita kuchigayo amalambalala njira yachidule dala kuti adutse pakhomo pawo.

Khoma lotere ndi la chilimwe chokha. Mvula ikayamba imalikwapula cham'mbali, katondo nayenderera, ndipo pofika Malichi nkhanga zina zilibe mitu, zina zatsala mawanga okha. A Nabanda sadandaula, poti dzinja ndi la munda. Kungoti mlendo akafika nyengo imeneyo amamuyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, mofulatira nyumba.

Ndiye mu Malichi wa chaka chatha kunafika Kelvin, mnyamata wa ku Lilongwe wojambula zithunzi, galimoto yake itatitimira m'matope pafupi ndi mudzi. A Nabanda anali kumunda. Pakhomo anapezapo amuna awo, a Jonasi, akusoka fodya, ndipo ndi iwo amene anamulola.

"Mwamulola ajambule chiyani?" anafunsa a Nabanda atabwerako.

"Khoma."

"Khoma liti? Kuli khoma mwezi uno?"

"Mnyamatayo wati n'lokongola."

"Mukanavulanso malaya akujambuleni msana, poti kwa iye zonse n'zokongola."

Mu Meyi Kelvin anaimba pa foni ya a Jonasi. Anati chithunzicho chidzapachikidwa m'galare, nyumba yoonetseramo zojambula mumzinda, dzina la a Nabanda lili m'munsi mwake, ndipo tsiku lotsegulira adzabwere. A Jonasi anakondwa. A Nabanda anaisinkhasinkha nkhaniyi mpaka madzulo. Anthu a mumzinda adzaona khoma lodyeka ndi mvula, adzawerenga dzina, nadzanena kuti mkazi ameneyu ndi mmene amazirira.

"Ndipita," anatero. "Ndikawauze ndekha kuti ine sindizira choncho."

Loweruka lake anakwera minibasi pa Namitete, chitenje chatsopano m'chiuno, china chopinda m'chikwama. Kelvin anawatenga kudepoti n'kuwalowetsa m'galare dzuwa litapendeka. Asanamalize kuwasonyeza malo, wina anamukoka dzanja, wina anamupsompsona patsaya, mnyamata uja anamira m'gulu.

A Nabanda anayamba ayang'ana makoma a nyumbayo. Anali oyera mbee, opanda ngakhale mzere umodzi m'munsi, ndipo anamumvera chisoni mkazi wa pakhomopo. Mpando panalibe. Anthu onse anali chiimire, tambula ya vinyo m'manja, aliyense akulankhula ndi mnzake koma maso ali kwa wina wakutsogolo. Chakudya chinkayenda chobayidwa patimitengo, tinthu tating'ono toti mwana sangakuthokoze nato.

Khoma lawo analipeza pakati penipeni, chithunzi chachikulu ngati chitseko cha tchalitchi. Kamera sinabise kanthu. Ming'alu yonse inalipo, ndi nkhanga zopanda mitu, ndi malo pamene mbuzi inkadzikanda.

Anatulutsa chitenje chopinda chija, nachiyala pansi pa chithunzicho, nakhala, miyendo yowongola, manja pamiyendo. Kwathu mlendo safotokoza chimene wadzera ataimirira. Amakhala pansi. Eni khomo amabwera, nanjuta, napereka moni, kenaka nafunsa kuti kwagwanji. Pamenepo ndi pamene mlendo amamasula nkhani yake. A Nabanda anadikira.

Posakhalitsa anthu anayamba kusendera. Anaima mowazungulira, motalikirako pang'ono, ndipo phokoso linazilala. A Nabanda anati mumtima, anthuwa mwambo ali nawo, akudikira wamkulu wawo ayambe ndiye.

"Kelvin ndi wanzeru, eti?" ananong'ona mayi wina wa ndolo zofika m'mapewa, amene anzake ankamutchula kuti Evelyn. "Wabweretsa ndi mwini wake yemwe."

"Musawalankhulitse, muwononga," anatero bambo wa ndevu amene anaima naye. "Uthenga wake ndi kukhala cheteko. Khoma likutha, mayi ali phee."

"Ndiye akhala choncho mpaka liti?"

"Ndi funso limenelo limene akufuna mudzifunse."

Mtsikana wonyamula mbale anawatambasulira tisamusa. A Nabanda anapukusa mutu, pakuti munthu sadya pakhomo pamene sanamulonjere. Gulu linang'ung'udza movomereza. Patapita nthawi anatsokomola pang'ono, monga achitira mlendo pokumbutsa eni khomo kuti alipo. Mafoni anakwera m'mwamba.

Kelvin anatulukira, ataona unyinji wa anthu pa chithunzi chake. Anawerama, nkhope ikuwala.

"Amayi, mwaganiza bwino kwabasi. Khalani chomwecho."

"Mwanawe, wamkulu wa pano ndani?"

"Akubwera, alankhula pompano."

Mwini galare analankhuladi, nthawi yaitali, m'Chingerezi. Dzina la Estere Chikoti linamveka, anthu nawomba m'manja. A Nabanda anagwada, nawomba m'manja mwaulemu kuti ayambe. Koma nthawi yomweyo woimba gitala anayamba nyimbo, botolo lina linatsegulidwa kumbuyo, ndipo misana yonse inatembenuka.

Anthu atayamba kutuluka, mayi wa ndolo uja anabwera yekha nawerama.

"Amayi, mwatigwira mtima."

Sunali moni weniweni, koma a Nabanda anaona kuti wina sabwera.

"Ndili bwino, kaya inu? Kunyumba tasiya ali bwino. Chimene ndadzera n'chakuti, khoma mukulionali si langa. Langa limakhalapo Julaye. Ili ndi lotsala ku mvula. Mudzabwere mudzaone ntchito yanga, mudzauzenso anzanuwa."

"Tidzabwera ndithu," anatero a Evelyn, nalemba dzina la mudzi m'foni.

A Nabanda anagona kwa mwana wa mchemwali wawo ku Chinsapo. M'mawa mwake atafika kumudzi, a Jonasi anawachingamira pamsewu.

"Mwawauza?"

"Mmodzi."

"Enawo?"

"Anthu aja anali paulendo. Onse chiimire ngati pasiteji. Koma basi yake sindinaione."

Juni ameneyo a Nabanda anazira monga sanazirepo. Dothi loyera anakalitenga kutali, kumalire ndi esiteti ya fodya, nalisefa kawiri. Nkhanga anaziwonjezera anapiye. M'mawa manja ankachita dzanzi ndi kuzizira, koma sanalole munthu kuwathandiza.

Kumapeto kwa Julaye, fumbi litayamba kuuluka m'minda yopanda kanthu, galimoto ziwiri zinaimadi pakhomo. Anatsika a Evelyn, bambo wa ndevu uja, ndi anzawo ena. A Nabanda anayala mphasa, ulendo uno moyang'ana nyumba. Ananjuta napereka moni kwa mmodzimmodzi mpaka womaliza, nawaikira mtedza wokazinga m'lichero. Kenaka anakhala pambali kuti khoma lioneke lonse.

Alendo analiyang'ana. Anayang'ananso kumanzere ndi kumanja.

"Kodi lija lili kuti?" anafunsa a Evelyn.

"Ndi lomweli."

"Mwalikonza," anatero a Evelyn, ndi mawu amene munthu amapepesera pamaliro.

Bambo wa ndevu anati n'labwino ndithu, laukhondo, kungoti lija linali ndi mzimu. Atatero anaimirira, mtedza m'manja, nazungulira kuseri. Kumeneko anapeza chigafa cha a Jonasi, chimene chinapendekeka chaka cham'mbuyo mwake ndipo mwini wake wakhala akunena kuti achikonza mawa. Anaitana anzake. Anachijambula mbali zonse, a Jonasi ataima pambali pake, dzanja pamzati wofumbwa.

Potsanzika a Evelyn anafunsa kuti khomalo lidzakhalanso liti monga m'chithunzi chija.

"Malichi," anayankha a Nabanda. "Koma ntchito imeneyo mwini wake ndi mvula. Ine mudzandipeza kumunda."

Anawaperekeza mpaka pagalimoto, monga ayenera kuchitira mlendo aliyense. Pobwerera anapeza akazi ochokera kuchigayo atatula matumba awo panjira, akukangana ngati anapiyewo ndi a nkhanga yakutsogolo kapena yachiwiri. Mmodzi anafunsa kumene anakumba dothi loyeralo. A Nabanda anamuuza kuti akhale pansi kaye.

Chigafa chija chikadali chopendekeka. A Jonasi akuti sangachigwire, anthu a mumzinda adzachifuna.