Mano a Amalume pa Mawindo Awiri

Amalume anga analengeza mabasi pa depoti kwa zaka khumi ndi zisanu. Anthu ankadziwa basi yoti akwere pomva mawu awo pa chimkuzamawu. Chaka chatha mano awo anayi akutsogolo anaguluka, mawu n'kuyamba kutuluka ngati tayala lomwe likuphwa. Bwana anawapatsa mwezi umodzi: akonze pakamwa, apo ayi akagwire tsache.

Anapita kwa bambo wina wopanga mano oikirira. Iye anawayeza nkhama ndi phala linalake lonunkha, n'kuwaumbira mano. Manowo ankagwedera, ankatupitsa nkhama, ndipo tsiku lina anagwera pa maikolofoni depoti yonse ikumva. Wopangayo anangoti, "Pakamwa panu m'pokhota, achimwene."

Ine poti sukulu ndinamaliza ndipo ndimangokhala, ndinalemba kalata yodandaula ya masamba atatu, yopanda chofufuta n'chimodzi chomwe. Tinapita nayo, pamodzi ndi lisiti la manowo, ku ofesi yomva madandaulo a ogula. Kumeneko kuli mawindo awiri, la katundu ndi la ntchito.

"Anakuyezani pakamwa?" anafunsa mayi wa pa windo la katundu, maso ali pa foni. "Ndiye ndi ntchito imeneyo. Pitani apo."

Pa windo la ntchito panali bambo wa dazi. "Chogwirika ndi manja ndi katundu, madala. Chanucho mungachigwire?"

Amalume anazula manowo n'kuwaika pa kauntala, dovu likuyenderera mpaka pa kalata yanga.

"Aaa, chotsani, ndangodya kumene ine!" anatero wa daziyo. "Lamulo limaona chomwe chachuluka pa mgwirizano wanu, katundu kapena ntchito. Lisiti lanuli langoti 'zonse pamodzi'. Akakulembereni lina, mano paokha, kuyeza paokha."

"Atilembere yemwe tikumudandaulayo?" ndinafunsa.

"Iwe ndiwe loya?" anandiyankha wa daziyo.

Tinapitabe. Wopanga mano uja anaseka mpaka kutsokomola. "Ndidzilembere ndekha mlandu? Mwadya chiyani lero?"

Mwezi wa bwana uja unatha tikuyenda pakati pa mawindo awiri aja.

Pano amalume amasesa pa depoti, pansi pa chimkuzamawu chomwecho. Wolengeza watsopano akalakwitsa nthawi ya basi, milomo yawo imayenda yokha kumukonza, koma mawu satulutsa. Manowo ali m'kapu pamwamba pa kabati, ndipo azakhali, akazi awo, amaivundikira ndi mbale kukabwera alendo. Kalata yanga palibe anaiwerenga. Ndinaiyanika padzuwa, ndikuisungabe, banga la dovu lili pa dzina langa penipeni.