Chikuku cha a Maynard Chipita ku Manjawira

Ine si wamiseche, inu mukundidziwa. Koma nyumba zikayandikana moti mnzako akayetsemula iwe n'kunena pepani, makutu uwatseka ndi chiyani? Ine ndi a Maynard Maliro watilekanitsa ndi mpanda waudzu basi, ndipo mpandawo mbuzi zinadya kale.

A Maynard kwawo ndi kumunsi uko, kuseri kwa Manjawira. Bambo awo, a Silvester, ndi aja anapita ndi Wenela, anakumba m'migodi mpaka chifuwa chinakana. Mwana naye atamera ndevu anati ine ku Joni. Kungoti iwowa pansi sanalowe ayi. Anali kwa mzungu, kuthirira kapinga ndi kusambitsa agalu. Pobwera anatitengera makina ometera, magalasi akuda, ndi uthenga woti ife kuno kukhala sitikudziwa. Anakwatira Loyce, mtsikana wofatsa wa kuno ku Nzama, n'kutsegula kanyumba kometera. Kumeta amameta bwino, pamenepo sindingawanamizire. Kungoti umachokapo mutu uli mbee, makutu atatopa.

Vuto linabwera ndi mwana. Woyamba, wamwamuna. Mchombo usanagwe n'komwe, a Maynard anali atamutcha kale dzina, Nathan. Akuti ndi dzina la mwana wa bwana wawo uja wa agalu. Inu, kwa Angoni dzina la mwana wotere limachokera kwa agogo akuchimuna, ngakhale nkhuku zikudziwa. Uthenga utafika ku Manjawira, mdala anayankha mwachidule: "Ngati ali ndi dzina ndiye kuti ali ndi agogo ake. Ine asandivutitse." Sanabwere, sanatumize ngakhale kasopo.

Loyce anaonda nazo. Ndinkamumva ndikutsuka mbale kumpanda kuja.

"Bambo a Nathan, mwana wokanidwa kwawo adzalowera kuti? Tiyeni tikapepese."

"Ndikapepese chiyani? Ndinaba?"

Miyezi inapita. Kenako mu Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo, kunafika katundu wochokera ku Joni: chikuku cha mwana, cha matayala anayi, chadenga lake, chopindika ngati ambulera. Tsiku lomwelo a Maynard analengeza kuti banja lipita ku autingi. Akuti azungu kukatentha amanyamula banja kukaona malo. Malo ake ati? Manjawira. Mwamva? Munthu wa ku Nzama kukapitidwa mphepo ku Manjawira mu Okutobala! Tonse tinadziwa kuti ndi kupepesa kumeneko, kungoti kwavala magalasi akuda.

Ine pomwepo ndinakumbukira kuti ndili ndi mchemwali wanga ku Manjawira amene ndamusowa kwambiri. Ndinawaperekeza.

Mwana anamuveka a Maynard okha. Chipewa choluka, juzi, masokosi, sholo pamwamba. M'kati pampasi, chifukwa matewera ansalu m'nyumba mwawo analetsa, ati ndi zachikale. Anamugoneka m'chikuku, ulendo unayamba, ana a m'mudzi monse ali pambuyo ngati kwabwera gule. Koma njira yathu mukuidziwa, miyala yokhayokha. Tisanafike ndi pachigayo pomwe, mwana anali kumsana kwa amake, chikuku chili pamutu pa abambo ake. Chinakwera bwino ndithu, sichinalire ngakhale pang'ono.

Pamsewu wa tala, kondakitala wa minibasi anachiyang'ana uku ndi uku.

"Bwana, wilibala yanuyi ilipira ngati munthu."

"Wilibala? Iwe unafikako ku Joni?"

"Ayi bwana, ine ndimathera pa Balaka. Koma ilipira."

Anachipanikiza kumbuyo pakati pa matumba a kabichi ochokera ku Lizulu. Potsika pa Manjawira mkangano unayambiranso, akuti kabichi wachidetsa. A Maynard akupukuta matayala ndi mpango, minibasi inanyamuka. Chikwama cha mapampasi onse chinapitiriza autingi chokha, kulowera ku Balaka.

Kutentha kwake, inu! Mpweya ngati wa mu uvuni wa njerwa. Koma a Maynard anati pamsika pokha mwana akwere, anthu aone. Anaonadi. Amayi a tomato anasiya malonda, wina n'kufunsa ngati tikugulitsa mandasi m'menemo. Titangokhota kulowa njira ya kumudzi, matayala anamira mumchenga, ndipo mwana anayamba kulira kuja kosapuma. Nditamuvula chipewa, mutu uli wonyowa, khosi lonse tiziphuphu.

"Amwene, mwanayu mukumuphika," ndinatero. "Muvuleni."

"Mayi a Lufina, mphepo imulowa, adwala chibayo."

"Mphepo yake iti? Mwaiona kuti, nafenso tikakhaleko?"

Loyce anakhala pansi pa mthethe, n'kumuvula zonse, ndi pampasi yemwe amene anali atalemera ngati njerwa. Anamukulunga m'chitenje chopepuka basi. A Maynard anayang'ana kumbali ngati munthu amene timu yake yagoletsedwa.

A Silvester tinawapeza pansi pa mango, atavala buluku lawo la khaki la kumigodi lija amalisita Lamulungu lokha. Ndiye kuti anamva kuti tikubwera, koma nkhope ili gwa. Loyce anagwada patali monga mtengwa. Mdala anandipatsa moni ine, anapatsa moni mpongozi wawo, kenako anayang'ana mwana wawo wobereka yekha.

"Nanga alendowa ndi ochokera kuti?"

"Ndine, ababa."

"Oo. Kagalimoto kako kamayendera petulo?"

A Maynard anayamba kufotokoza za mabuleki. Za kupepesa osatchula. Khanda mdala sanaliyang'ane ngakhale kamodzi, ndipo ndinaona Loyce misozi ili m'maso, akufinya nsonga ya chitenje. Ndinati apa tibwerera chimodzimodzi, ndalama ya minibasi yangopita.

Ndinanyamuka, n'kumutenga mwana kwa amake ngati ndikukamutonthoza. Nditafika pafupi ndi mpando wa mdala, nsalu yanga inamasuka. Imamasuka yokha nthawi zina, ndi yakale.

"Agogo, tandigwirirani kaye ndimange nsalu, ndingachite manyazi pano."

Ndinangomutula pamiyendo pawo. Munthu angakwiye bwanji, khanda salitaya pansi. Analigwira ndi manja owuma, maso ali kumunda. Ine nsalu ija kumanga, kumasula, kumanganso. Mwana anasiya kulira. Anagwira chala cha mdala, n'kuwayang'ana ndevu. Kenako tinangoona khaki uja akusintha mtundu, kuyambira pantchafu mpaka pabondo, madzi akudontha pa nsapato.

A Maynard anadumpha. "Mwaona! Loyce, ndimanena ine za pampasi! Pepani ababa, pepani kwambiri, ndichapa ndine!"

Pepani uja anakanika miyezi yonseyi anatuluka kawiri, chifukwa cha buluku.

"Khala pansi iwe," anatero mdala.

Kenako anayamba kuseka, kuseka kwake kuja kothera m'chifuwa, mpaka Loyce anathamangira madzi.

"Wandikodzera," anatero atapuma. "Mwana sakodzera mlendo. Ameneyu wadziwa kwawo, kuposa bambo ake amene anachita kufunsa njira." Anamukweza m'mwamba, ali maliseche choncho, n'kumutchula ndi chiwongo chawo. "Ngozo! Iwe ndiwe Tisunge. Wamva? Tisunge."

"Koma ababa, pa khadi la kusikelo tinalemba kale kuti..."

Ndinawatsina a Maynard pamkono, mwaulemu ndithu. Anatseka pakamwa. Mdala anaitanitsa tambala wa ndiwo, ndipo buluku anakana kusintha mpaka linawuma lokha pathupi. Mwana sanamubweze mpaka nthawi yonyamuka. Mchemwali wanga uja sindinamuone, nthawi inachepa.

Lero mwanayo akuyenda. Mudzi wonse umamuitana Tisunge, Nathan amakhala m'khadi, amatuluka tsiku la sikelo lokha. Loyce ananenepanso. Mdala amabwera kudzameta kwa mwana wake, ulere, n'kumadandaula kuti makina akumukoka.

Mukapita kukameta, a Maynard akuuzani okha nkhaniyi. Kungoti kwawoko imamveka kuti anakonza zonse ndi iwo, chikwama anachisiya dala m'minibasi, chifukwa ku Joni anaphunzira kuwerenga maganizo a anthu akuluakulu. Ine ndimangovomera kumpanda kuno kuti eya, ndi momwemo.

Chikuku chilipo, musadandaule. Tayala limodzi linachoka, anaikapo la matabwa. Chimanyamula zigubu ziwiri kuchokera kumjigo, ndipo tsiku la chigayo timabwerekana. Pamenepo pokha ndiyenera kuvomereza, azungu anaganiza.